Reel Imeneyi Ikafa, Adzaikonza Ndani?

Nsomba zambiri zimene timadya m'dziko muno sizinaonepo reel. Usipa umabwera ndi chilimira, chambo chimakodwa m'matchera, mlamba wa kudambo umalowa wokha m'mono, ndipo mwana wa kunyanja amadziwa kumanga mbedza ku nsungwi asanadziwe kulemba dzina lake. Ngakhale kampango wonona amene timamulimbirana pamsika, kawirikawiri wamukoka ndi munthu wa m'bwato, chingwe chili m'manja, zala zili zipsera zokhazokha. Choncho ndikamalemba za kasankhidwe ka reel, kamakina kokulungira chingwe kamene kamalendewera kunsi kwa ndodo yowedzera, ndikudziwa kuti wina afunsa kuti zimenezi zatikhudza pati.

Zatikhudza chifukwa tayamba kugula. Achibale akubwera nazo m'zikwama kuchokera ku Johannesburg, zina zikupezeka m'mashopu a katundu wakale wochokera kunja, zina achinyamata akuitanitsa pa intaneti ataona kanema wa munthu akulimbana ndi chinsomba. Ndipo chitsikire mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chinthu chilichonse chowoloka malire si chogula mwamasewera. Munthu akagula reel n'kumufera asanadyerere, ndalama yapita m'madzi popanda nsomba.

Kamakinaka kamachita zinthu ziwiri zimene dzanja lokha silingathe bwino. Kamaponya nyambo yopepuka patali, kuseri kwa bango kapena pakati pa mtsinje pamene munthu sangaime. Ndiponso kamamasula chingwe pang'onopang'ono nsomba ikakoka mwamphamvu, kuti chingwe chopyapyala chigwire nsomba yoposa mphamvu zake. Reel imene ikulephera ziwirizi, kaya ikhale yokongola motani, yangokhala katundu wolemetsa ndodo.

Amene anatsegula njira ya reel ya mtundu umenewu anali Mngelezi wa ku Bradford, mzinda wa mafakitale a nsalu zaubweya, dzina lake Alfred Holden Illingworth. Mu 1905 analembetsa luso lake kuboma. Nzeru yake inali yakuti spool, pamene pamakulungidwa chingwe, isamazungulire munthu akamaponya, koma iziima chilili kuloza kutsogolo, chingwe chizivundukuka chokha kumlomo kwake monga ulusi umachokera pa bobini. N'chifukwa chake ngakhale wophunzira kumene amatha kuponya osapiringiza chingwe.

Koma chimene chimandigwira mtima m'mbiri imeneyi ndi anthu amene anadzatenga ntchitoyi pambuyo pake. Mitchell 300, reel imene inagulidwa m'mamiliyoni padziko lonse, inatuluka mu 1948 ku Cluses, tauni ya ku France yodziwika ndi amisiri a tizitsulo ta mawotchi. Kampani ya ku Sweden imene lero timaidziwa kuti Abu Garcia inayamba mu 1921 ku Svängsta ili fakitale ya mawotchi, inkapanganso mamita owerengera mtengo m'mataxi, ndipo inatembenukira ku ma reel nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itapha msika wa mamitawo. Chaka chomwecho cha 1921, ku Sakai m'dziko la Japan, Shozaburo Shimano anatsegula kampani imene inayamba ndi kupanga fuliwilo ya njinga, ndipo kampaniyo inalowa m'zida zowedzera mu 1970. Wakabaza amene amanyadira magiya a Shimano panjinga yake mwina sadziwa kuti dzina lomwelo lili m'manja mwa owedza.

Opanga mawotchi ndi opanga njinga. Tanthauzo lake n'lakuti m'mimba mwa reel mulibe matsenga. Muli giya lalikulu lozunguliridwa ndi chopukusira, giya laling'ono limene limalumana nalo, shafiti yokweza ndi kutsitsa spool, mabelingi, timawashala ndi tisipuling'i. Palibe chimene mmisiri wa pakhonde la sitolo, uja amavala kagalasi kudiso limodzi, sanachionepo. Ndiye kwa ife amene tili kutali ndi kumene zipangizo zimagulitsidwa, kulimba kwa reel sikungoyezedwa ndi zaka zimene ingathe isanavute. Iliyonse idzavuta tsiku lina. Funso ndi lakuti ikavuta, chimene chafacho n'chotheka kuchichotsa ndi kuikapo china, kapena ndiye maliro a reel yonse?

Pakatoni sipalembedwa zimenezo. Pamalembedwa manambala akuluakulu, ndipo otchuka kwambiri ndi a mabelingi: 10+1, 12+1, ena mpaka kupitirira apo. Munthu amaganiza kuti kuchuluka ndiko kukoma. Komatu malo amene belingi limagwiradi ntchito mu reel ndi owerengeka: mbali ziwiri za giya lalikulu, pa giya laling'ono, ndi pa kagudumu kamene chingwe chimadutsapo. Kachimodzi kowonjezera kaja, kolembedwa pambuyo pa chizindikiro cha kuphatikiza, ndi kamene kamaletsa chopukusira kubwerera m'mbuyo. Makampani odziwika amagulitsa ma reel a mabelingi 4 kapena 5 amene amatumikira zaka zambiri, pomwe ena opanda dzina amaunjika mabelingi a chitsulo chosalimba, osatsekedwa, mpaka m'kachogwirira, kuti nambala ikule basi. M'shopu reel yotereyi imazungulira myaa, wogula n'kumwetulira. Ikalawa madzi ndi fumbi, mabelingi aja amachita dzimbiri limodzilimodzi, ndipo chimene chinali chokopera chimasanduka phokoso. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo ine ndikaona reel yopakidwa golide ndi siliva mbali zonse pamtengo wa mbale ya chipisi, mwambiwu umabwera wokha.

Chimene ndimayamba kuyang'ana ndi drag, buleki ya reel. M'kati mwa spool muli timawashala tosanjikizana, tina tachitsulo, tina tansalu yothinana yonyowetsedwa ndi oyilo, kapena ta kaboni m'ma reel abwinoko. Kachotsekera ka pamwamba pa spool kamatipanikiza. Nsomba ikakoka kuposa mmene mwamangira, spool imazungulira, chingwe n'kumatuluka chikulira. Kulira kumeneko ndi kumene owedza amakuyendera maulendo ataliatali.

Ubwino wa drag suli pa mphamvu imene ingagwire ikamangidwa kotheratu, ngakhale kuti makatoni amadzitama ndi makilogalamu 15 kapena 20 amene nsomba zathu zambiri sizidzawafuna. Uli pa kayambidwe kake. Drag yabwino imayamba kumasula mofewa ndipo imapitiriza mofanana. Yoipa imakakamira kaye, kenako n'kumasula mwadzidzidzi, n'kugwiranso, n'kumasulanso. Pa kukakamira koyamba kuja ndi pamene chingwe chimaduka. Amene anawedzapo mcheni wa ku Shire wakumunsi, uja wa mano oonekera kunja umene alendo amautcha tigerfish, amadziwa zimenezi. Nsomba imeneyi imapezeka kumunsi kwa mathithi a Kapichira, kutsikira ku Chikwawa ndi Nsanje mpaka mu Zambezi, ndipo m'nyanja yathu mulibe chifukwa mathithi a Shire amaitsekereza. Mcheni wa kunyanja ndi nsomba ina. Ya ku Shireyi siichita kulawa nyambo ayi. Imamenya ili paliwiro, imalumpha kunja kwa madzi ikupukusa mutu, ndipo m'kamwa mwake ndi mouma moti mbedza imavuta kulowa. Zonsezi zimachitika munthu asanaganize n'komwe. Palibe nthawi yokonza chilichonse ndi dzanja. Drag ikakakamira pamenepo, mumatsala ndi ndodo yowongoka ndi nkhani yokasimba kunyumba.

Owedza amati drag imangidwe pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu ya chingwe. Ngati chingwe chanu chimaduka pa makilogalamu 6, drag isapitirire makilogalamu 2. Sikelo si yofunika. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho botolo la malita 2 lodzaza ndi muyezo wokwanira. Mangirirani chingwe kukhosi kwa botolo, lozetsani ndodo pansi kubotoloko kuti isapindike, ndipo kwezani pang'onopang'ono. Pa reel yabwino, botolo likangofuna kunyamuka, chingwe chimayamba kutuluka mwakachetechete, kulira kwake kuli kofanana. Pa reel yoipa botolo limadumphadumpha, dzanja n'kumamva kugwedeza. M'shopu mulibe botolo, koma mukhoza kupempha kuti akulungepo chingwe pang'ono, mumange drag mwapakatikati, mukulunge chingwe pa kamtengo, mukoke mosathamanga. Zala zimamva zimene maso sangaone. Wogulitsa wokana mayeso amenewa wakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa.

Pali chifukwa chinanso chimene drag imandikhudzira. Mpasa, nsomba yasiliva imene imachoka m'nyanja kukwera mitsinje monga Bua kukaswana, yachepa kwambiri poyerekeza ndi mmene makolo ankaionera. Wowedza mwamasewera akaigwira ayenera kuibweza. Koma nsomba imene mwalimbana nayo mpaka kufooka kotheratu, chifukwa mumaopa kumanga drag yosadalirika, imabwerera m'madzi ili pafupi kufa. Ina imadula chingwe n'kupita ndi mbedza m'kamwa. Reel yodalirika imafupikitsa ndewu, ndipo nsomba imabwerera ikadali ndi mphamvu.

Kuchoka pa drag ndimapita pa thupi. Ma reel ambiri otsika mtengo thupi lake ndi la graphite, pulasitiki wolimba wopepuka amene sachita dzimbiri. Okwererapo ndi a aluminiyamu. Graphite si tchimo, ndipo pa nsomba zing'onozing'ono palibe chodandaula. Vuto limabwera nsomba ikakhala yolemera, poti thupi lofewa limapindika pang'ono, magiya m'katimo n'kusiya kulumana bwino, mano ake n'kuyamba kudyana. Gwirani phazi la reel, lija limalowa pa ndodo, ndi dzanja limodzi, thupi ndi dzanja linalo, mupotokole pang'ono. Ikagonja mosavuta m'manja mwanu, kampango sadzaichitira chifundo. Kenako zungulizani chopukusira pang'onopang'ono, osati mwaliwiro monga amachitira ogulitsa. Liwiro limabisa zambiri. Mukamazunguliza mwaulesi m'pamene mumamva ngati pena pakulimba pena pakulekerera. Yesani kubweza chopukusira m'mbuyo: chiime pomwepo, osati kusewera kaye. Tsegulani ndi kutseka kawaya kopindika kaja kamene kamagwira chingwe, mumve ngati kakugwa molimba. Kagudumu kake kakhudzeni ndi kamtengo ka machesi, muone ngati kakuzungulira, pakuti kakaima chingwe chimapotana ndi kuperepeseka. Pomaliza yendetsani chikhadabo m'mlomo wa spool. Kachipsera kakang'ono pamenepo kamadya chingwe pa kuponya kulikonse, ndipo pa reel yakale m'pamene pamaonekera ngati mwini wake ankaigwetsa pamiyala.

Za manambala ena sindichedwapo. Polembedwa 5.2:1 akutanthauza kuti mukazunguliza chopukusira kamodzi, mutu wokulunga chingwe umazungulira kasanu ndi pang'ono, pomwe 6.2:1 ndi yachangu koma yolemererapo pokoka katundu. Kwa munthu wa reel imodzi, yoyambayo ndi yokwanira. Kukula kwake amakulemba m'masauzande, ngakhale makampani sagwirizana ndendende. Ya 2500 ndi ya nsomba za trout zimene Angelezi anabweretsa kumapiri a Zomba ndi Nyika, ndi tinsomba ta m'madamu. Ya 5000 kapena 6000 ndi ya wofuna kampango ndi bombe pakuya, kapena mcheni waukulu wa ku Kariba ndi Cahora Bassa. Pakati pake pali 3000 ndi 4000, zimene zimagwira ntchito zambiri mosanyinyirika.

Anthu ena amalipira ndalama zambiri kugula reel yotsekedwa paliponse kuti madzi amchere asalowe. Ngati mumapita ku Beira kapena Inhassoro, chabwino, mchere umadyadi chitsulo. Koma nyanja yathu ndi yamadzi abwino. Mdani wathu ndi mchenga. Aliyense amene anakhalapo pagombe la Senga Bay mwera ukuwomba amadziwa kuti mchenga umalowa mpaka m'makutu. Munthu amangotsamiritsa ndodo pansi kuti avule nsomba pambedza, reel n'kugona pamchenga, timchenga n'kumamatira ku girisi. Kuyambira pamenepo kuzunguliza kulikonse kukupera magiya. Palibe mtengo wa reel umene ungateteze mwini wosasamala, ndipo reel yotsekedwa kwambiri imavutanso kutsegula ikafuna kutsukidwa.

Tsiku lina ndinatengera ma reel awiri kwa mdala wina wokonza mawotchi ndi mawayilesi pakhonde. Ina inali yakale, yachitsulo, penti itasupuka, dzina litafufutika. Kawaya kake kanali kasakutsekanso ndipo inkalemera pozunguliza. Inzake inali ya alamu anga, yatsopano ndithu, yonyezimira, imene inayamba kudumpha mano atangokoka mlamba wamkulu.

"Madala, tizinthu iti mungatithe?"

"Kodi n'chiyani chimenechi, achimwene? Chopera tsabola?"

Nditawafotokozera anaseka, anayala kansalu koyera patebulo, n'kuyamba ndi yakale ija. Masikuluwu atatu, chivindikiro chinachoka. Anatulutsa tizitsulo kamodzikamodzi n'kumatindandalika pansalupo m'ndondomeko imene tatulukira, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Girisi wakale anali atauma, wakuda bii. Anatsuka magiya m'kachitini ka palafini ndi mswachi wotha, ndipo giya laling'ono linatuluka lachikasu, lamkuwa, mano ake ali akuthwa onse. Sipuling'i ya kawaya inali itathyoka pakati. Anaiyang'anitsitsa ndi kagalasi kawo, anafufuza m'chitini cha zotsalira za mawotchi akale a pakhoma, anapeza waya wofanana kunenepa, n'kuupinda ndi pulayala kutsanzira yothyokayo. Atabwezera zonse, kawaya kanagwa kuti kha!

Ya alamu anga sinawatengere nthawi. Masikuluwu ake analowa mu pulasitiki weniweni, ndipo awiri anangozungulira osatuluka bwino. M'kati munali giya lotuwa lofewa, mano angapo atasalala, tizidutswa take tili mbwee mu girisi. "Iyi ndiye ayi, achimwene," anatero akupukuta m'manja. "Sipuling'i ndingapange, belingi ndingasake. Koma giya ili mukalipeza kuti? Ndipo ngakhale mulipeze, chivindikirochi sichidzagwiranso." Pakatoni pake panalibe dzina la kampani loti munthu angalifufuze, panalibenso pepala losonyeza zam'kati.

Pepala limenelo anthu amalitaya pamodzi ndi katoni, chonsecho ndi chuma. Makampani okhazikika, monga Shimano, Daiwa, Okuma ya ku Taiwan, kapena Penn imene inayamba mu 1932 ku Philadelphia, amaika chithunzi cha reel yophwasulidwa, kachitsulo kalikonse kali ndi nambala yake. Nambala imeneyo ndi imene mungatumize pa WhatsApp kwa m'bale wanu ali ku South Africa kuti akakugulireni kachitsulo kamodzi m'malo mwa reel yonse. Apa m'pamene dzina lodziwika limandipindulira. Sindilipira dzina kuti anzanga pagombe andione, ndimalipira kuti zaka zikubwerazi padzapezeke pofunsa. Chenjezo n'lakuti mayina otchuka ndi amenenso akuba amakonda kuwabera. Mukaona dzina lalikulu pamtengo wosamveka, zilembo zitapendekeka kapena chimodzi chitasinthidwa, popanda pepala, popanda nambala, musadzinamize kuti mwatola mwayi. Ndipo mukamatuma munthu, muuzeni agule m'shopu ya zida zowedzera, abwere ndi lisiti, ndipo ngati n'kotheka awonjezere spool yapadera, sipuling'i ya kawaya ndi timawashala ta drag. Tonseti timakwana m'thumba la shati.

Kodi ndiye kuti yodula kwambiri ndiyo yabwino? Ayi. Pamwamba penipeni munthu amalipira kupepuka ndi kufewa, zinthu zokoma kwa woponya kuyambira m'mawa mpaka madzulo pampikisano, koma zosawonjezera nsomba mumphika wa wowedza Loweruka lokha. Ma reel oterowo amakhalanso ndi tizitsulo tambirimbiri ndi zotsekera zapadera zimene kampani imafuna kuti izitsegula yokha. Mdala wa pakhonde uja angakubwezereni. Phindu lenileni lili pa ma reel apakati ndi otsikirapo a makampani odziwika, amene mapangidwe ake ndi osavuta ndipo akhala pamsika nthawi yaitali. Yakale yachitsulo imene yapambana mayeso a m'manja aja ndimaiika patsogolo pa yatsopano yopanda mwini.

Ikafika pakhomo, zotsala ndi zanu. Mukabwera kowedza ipukuteni ndi kansalu konyowa. Musaimize m'ndowa, chifukwa madzi amakankhira mchenga m'kati. Masulani drag musanaisunge kuti timawashala tisaphwatalale. Kadontho ka oyilo wa makina osokera pa kagudumu ka chingwe, pa shafiti ndi pa chogwirira n'kokwanira; mafuta ophikira amanata, ndipo girisi wolemera wa galimoto amailemetsa. Kawaya kaja muzikatseka ndi dzanja mukaponya, osati kukagwetsa ndi chopukusira, sipuling'i idzakhalitsa. Mbedza ikakodwa pamwala kapena pachitsa, musakoke ndi reel. Kulungani chingwe pa kamtengo mukoke ndi manja, pakuti kukoka ndi reel n'kumene kumapinda shafiti. Ndipo tsiku limene mudzaitsegule nokha, jambulani ndi foni musanachotse kachitsulo kalikonse.

Kwa mnzanga amene ali ndi ndalama ya reel imodzi yokha, ndinganene izi. Tengani ya 3000 kapena 4000, ya kampani imene ili ndi dzina ndi pepala la zam'kati, ya mabelingi ochepa, drag yofewa poyamba ndi thupi losagonja m'manja. Ngati ndalama sikukwana, dikirani mwezi wina m'malo mogula kawiri. Ndipo musanapereke ndalama, funsani wogulitsa kuti sipuling'i ya kawaya ikathyoka mudzaipeza kuti. Akayamba kukanda m'mutu, pitani shopu ina.